Ulendo wa pa basi kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe: tithandizane nzeru

Nambewe_25: Moni nonse akuluakulu. Ndikufuna kupita ku Dar es Salaam pa basi, wongoona malo osati wa geni, ndi chikwama chakumsana chimodzi basi. Ndili ndi masabata awiri ndipo pasipoti ilipo. Ndikwere basi yolunjika kapena ndizidula ulendowu? Ndalama ndikasinthire kuti? Nanga pa Songwe amafuna chiyani? Amene mumaidziwa bwino njirayi ndithandizeni.

Malume_a_Chibavi: Achemwali, poti mulibe katundu wa geni, dulani ulendowo. Basi yolunjika ilipo, koma ambiri okweramo ndi amalonda, ndipo pa boda siidutsa mpaka katundu wa aliyense atayang'anidwa. Popita zimapepukako chifukwa zikwama zimakhala zopanda kanthu. Pobwera ndiye pali ntchito: mutha kutha tsiku lonse, mwina kugona kumene pa Songwe, mukudikira mabelo a anthu ena. Munthu wa chikwama chimodzi amawoloka mlatho wapansi n'kukwera galimoto ina tsidya linalo.

Kaduledwe kake ndi aka. Lilongwe kukafika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 350 pa M1, kudutsa pa Kasungu ndi pa Jenda. Kwerani basi yaikulu yonyamuka pa nthawi, yosungitsiratu mpando, osati zodikira kudzaza pa depoti. Mzuzu kukafika ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 220, Karonga kukafika pa Songwe pafupifupi 45. Mukawoloka muli pa Kasumulu, ndipo kuchoka apo kukafika ku Mbeya ndi makilomita opitirirako pang'ono 100. Gawo lalitali ndi lomaliza, Mbeya mpaka Dar, makilomita oposa 800. Tsiku loyamba gonani ku Mzuzu, lachiwiri ku Mbeya.

aGondwe_Kaporo: Malume, pa zogona ku Mzuzu ndikusiyana nanu pang'ono. Pa mapu Mzuzu mpaka Mbeya zimaoneka ngati za tsiku limodzi, koma taonani pamene nthawi imathera. Minibasi ya ku Karonga siinyamuka isanadzaze. Ikanyamuka pali mtsetse wa Chiweta umene dalaivala wanzeru amautsika pang'onopang'ono, kenako msewu wa m'mbali mwa nyanja kudutsa Chitimba ndi Chilumba uli ndi maenje malo ambiri, kuphatikizapo kutsitsa ndi kukweza anthu pa siteji iliyonse. Maola anayi kapena asanu amapita. Ku Karonga mudikiranso Sienta ya pa boda idzaze. Mukamawoloka dzuwa lapendeka, ndipo msewu wa ku Mbeya ndi wokwera mapiri kudzera ku Tukuyu, kumene madzulo kumagwa nkhungu. Mukafika ku Mbeya usiku, mzinda wachilendo, mulibe simu ya kumeneko, malo ogona simunapeze.

Bwino nyamukani ku Lilongwe m'mamawa, mukafike ku Mzuzu masana, mupitirire tsiku lomwelo kukagona ku Karonga. Malo ogona otsika mtengo alipo ambiri pafupi ndi depoti. M'mawa mwake 7 koloko muli pa Songwe, mzere usanatalike, ndipo nkhomaliro mukadyera ku Mbeya.

Malume_a_Chibavi: Zoona aGondwe, bola basi ya ku Lilongwe ifike ku Mzuzu isanakwane 1 koloko masana. Ikachedwa kuposa apo asapitirire, Chiweta si yotsika usiku pa minibasi. Komanso nyengo imene mafuta akusowa magalimoto a ku Karonga amachepa ndipo mtengo umakwera, ndiye asunge ndalama yapadera ya gawo limeneli.

Nambewe_25: Zikomo kwambiri. Ndiye pa boda penipenipo ndondomeko yake ndi yotani? Viza ikufunika?

Mayi_Nyirenda: Wa pasipoti ya Malawi safuna viza polowa ku Tanzania kukacheza. Chofunika n'chakuti pasipoti ikhale ndi miyezi 6 kapena kuposa isanathe ntchito, ndiponso masamba opanda chidindo akhalepo. Musanafike pa Songwe pali rodibuloko pa Iponga, choncho pasipoti ikhale pafupi, osati pansi pa chikwama.

Mukatsika galimoto lowani kaye mu ofesi ya Immigration ya Malawi mudinditse chidindo chotulukira. Musawoloke mlatho musanachite zimenezi, chifukwa tsidya linalo adzakubwezani. Mukawoloka, a zaumoyo akhoza kukuimitsani kaye, kenako pa kauntala ya Immigration ya Tanzania. Adzakufunsani kumene mukupita, chimene mukukachita ndi masiku amene mukakhale. Yankhani mwachidule kuti mukukacheza, ndipo dzina la malo ogona a ku Mbeya kapena ku Dar likhale lolembedwa papepala. Cholembera nyamulani chanu.

Apa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri: akalandira pasipoti amangoiponya m'chikwama. Imani pambali, tsegulani, onani ngati chidindo cholowera chadindidwadi, tsiku lake ndi lolondola, ndiponso masiku amene akulemberani ndi angati. Masiku amene ali pa chidindocho ndiwo anu, osati amene munamva kwa anzanu. Mukapyola amenewo mudzalipira chindapusa potuluka. Ndipo pasipoti musampatse munthu aliyense wosavala yunifolomu amene akuti akuthandizani kudumpha mzere. Palibe ntchito pa boda imene simungaichite nokha.

Chisale_BT: Kuwonjezerapo pa za mayi: majumbo apulasitiki ndi oletsedwa ku Tanzania kuyambira pa 1 Juni 2019. Nsapato ndi zovala zakuda muziika m'kathumba kansalu. Timapepala tapulasitiki totseka ndi zipi tosungiramo sopo ndi mankhwala amalola.

aGondwe_Kaporo: Nkhani ya nthawi isaiwalike, yasiyitsa anthu ambiri basi. Pali misampha iwiri. Woyamba, Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi: pamene kwathu ili 7 koloko, kwawo ili 8. Mukangowoloka sinthani wotchi, ndipo onani ngati foni yasintha yokha, chifukwa pafupi ndi malire imagwirabe netiweki ya ku Malawi n'kumasonyeza nthawi yakwathu.

Wachiwiri ndi woopsa kuposa. M'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira m'bandakucha, ndiye 7 koloko m'mawa iwo amati saa moja, ola loyamba. Wogulitsa tikiti akanena kuti basi inyamuka "saa kumi na mbili asubuhi", manambala ake ndi 12 koma akutanthauza 6 koloko m'mawa. Kusiyana kwake ndi maola 6 nthawi zonse. Ena amalembanso pa tikiti mwa kawerengedwe komweko. Njira yosavuta: muonetseni wotchi ya pa foni yanu, mumufunse kuti basi ikamanyamuka foniyi idzakhala ikusonyeza chiyani. Funsaninso nthawi yofikira pa siteji, imakhala mphindi 30 basi isananyamuke, ndipo mabasi aakulu a kumeneko sadikira munthu.

Nambewe_25: Iii, chimenechi sindikanachidziwa. Nanga ndalama?

Bambo_a_Tadala: Pa ndalama ndifotokoze bwinobwino chifukwa ndi pamene ulendo umaonongekera usanayambe. Kwacha imagwira ntchito mpaka pa mlatho wa Songwe. Ku Mbeya kapena ku Dar simudzapeza wokulandirani, ndipo mabanki a kumeneko sangakusinthireni. Choncho mufunika kukonzekera muli konkuno.

Njira yoyamba ndi madola ogula ku banki kapena ku bureau yovomerezeka, ndipo risiti yake muisunge pamodzi ndi pasipoti chifukwa potuluka akhoza kukufunsani kumene mwaitenga ndalama yakunjayo. Yambani kufunafuna kudakali masabata angapo, ndalama zakunja n'zosowa m'mabanki athu. Pemphani manotsi atsopano, osang'ambika, osalembedwa. Akale amakanidwa, ndipo a 50 ndi 100 amasinthidwa pa mtengo wabwino kuposa ang'onoang'ono.

Yachiwiri ndi khadi ya ku banki. Makina otapira ndalama a mabanki a CRDB ndi NMB ali m'matauni onse aakulu a m'njirayi. Koma pitani kaye ku banki yanu mukafunse ngati khadiyo ndi yotsegulidwa kugwira ntchito kunja, ndiponso malire ake ndi ndalama zingati pa tsiku kapena pa mwezi. Musadalire khadi yokha.

Tsopano za anyamata osintha ndalama pa boda. Adzakuzungulirani musanatsike n'komwe galimoto. Malo oyenera ndi banki kapena bureau, koma poti anthu amasinthabe kwa iwo ya thiransipoti yokafikira ku Mbeya, dziwani mmene amaberera. Ndalama yaikulu ya Tanzania ndi 10,000 shilingi, ndiye mtolo umakhala waukulu ndipo maziro amasokoneza mutu. Wina amawerenga mothamanga atapinda manotsi ena pakati kuti awerengedwe kawiri. Wina amakupatsani mtolo wokwana, inu n'kuwerenga, kenako amaulandanso kuti "tione ngati sindinapyoze", ndipo pobweza wachotsamo. Wina amaika a 1,000 ndi 2,000 pakati pa a 10,000. Winanso amabaya kakyuleta yake mwachinyengo. Dzitetezeni chonchi: mtengo muudziwiretu pa intaneti musanafike, werengerani pa foni yanu, landirani zawo poyamba, werengani limodzilimodzi, ikani m'thumba, kenako perekani zanu. Akafuna kugwiranso mtolowo, bwezani zonse muchokepo. Ndipo musatulutse ndalama zanu zonse pagulu, patulani yosinthayo mudakali ku Karonga.

Chisale_BT: Ndalama muzigawa patatu. Ya tsikulo m'thumba lapafupi, yambiri m'kachikwama kam'kati mwa zovala, ina yadzidzidzi pansi pa chikwama chachikulu. Pasipoti ijambuleni, chithunzi chikhale pa imelo, fotokope ina papepala.

aGondwe_Kaporo: Mukamaliza za Immigration, siteji ya magalimoto a ku Mbeya ili kamtunda ndithu kuchoka pa geti. Mutha kuyenda wapansi kapena kukwera njinga yamoto, kumeneko amati bodaboda, mutagwirizana mtengo musanakwere. Musagule tikiti ya ku Mbeya kapena ya ku Dar kwa munthu wokupezani pa mlatho. Ena amalemba risiti yabodza, amakukwezani Coaster wamba, kondakitala n'kudzakulipiritsaninso. Lipirani muli m'galimoto, mutaona zimene anzanu akupereka. Ngati yolunjika ku Mbeya palibe, pitani pa mphambano ya Ibanda pamene msewu wa boda umakumana ndi wochokera ku Kyela, magalimoto amadutsa pafupipafupi. Ulendowo ndi wa maola atatu kapena kuposerapo chifukwa choimaima. Khalani pa windo, dera la Tukuyu ndi lobiriwira ndi minda ya tiyi ndi nthochi. Amene amamva Chinkhonde savutika, Chinyakyusa cha ku Kyela ndi Tukuyu n'chofanana nacho kwambiri.

Nambewe_25: Ndikafika ku Mbeya ndinyamuke m'mawa mwake?

Mayi_Nyirenda: Ngati mwafika masana n'kupeza tikiti, zitheka. Koma muli ndi masabata awiri, bwanji osapumako tsiku limodzi? Thupi likhala litatopa ndi masiku awiri a m'misewu, ndipo kutsogoloku kuli maola 14 kapena kuposa. Tsiku limenelo mugule simu ya Vodacom kapena Airtel pa shopu yawo yeniyeni, ndi pasipoti yanu, osati kwa ogulitsa m'misewu amene amalembetsa m'dzina la munthu wina. Simu yotere imatsekedwa nthawi ina iliyonse pamodzi ndi ndalama zimene mwaikamo. Auzeni akutsegulireninso M-Pesa kapena Airtel Money, zimathandiza kuti musamayende ndi mtolo.

Tikiti gulani mu ofesi ya kampani ya basi, yokhala ndi chikwangwani, osati kwa oitanira. Pa tikiti paoneke dzina la kampani, tsiku, nambala ya mpando ndi malo okwerera. Funsitsani za malo okwererawo chifukwa Mbeya ili ndi siteji yaikulu ya m'tauni komanso ya Nane Nane kunja kwa tauni, ndipo mabasi amadutsanso pa Uyole pamene msewu wochokera ku Malawi umakumana ndi msewu waukulu wa ku Zambia. Pezani malo ogona pafupi ndi pamene mukakwerere, ndipo bajaji (kagalimoto ka mateyala atatu) yokutengani m'bandakucha mupangane nayo madzulo kudzera kwa eni malo ogonawo.

Mabasi ali m'magulu. Lipirani yapamwambako, kusiyana kwa mtengo n'kochepa poyerekeza ndi kutalika kwa ulendo. Yotsika mtengo imaima paliponse ndipo imadzaza mpaka m'kanjira. Mpando sankhani wapakati. Kumbuyo kwenikweni mahampu a m'matauni onse a m'njira adzakuthyolani msana, kutsogolo kwenikweni ndi koopsa pakachitika ngozi.

Malume_a_Chibavi: Kuyambira mu 2023 boma la Tanzania linalola mabasi kuyenda usiku, ndiye mudzapeza ena onyamuka madzulo. Ubwino wake mumafika ku Dar kutacha ndipo mwapulumutsa ya malo ogona. Koma kwa munthu woona malo ndikuti kwerani ya m'mawa. Msewu umenewu ndi wodzaza ndi mathiraki opita ku Zambia, Congo ndi kwathu kuno, ndipo zoti muone zonse mungazidutse mumdima.

Mukachoka ku Mbeya mudutsa Makambako ndi Mafinga, malo okwera ndi ozizira kwambiri, makamaka Juni ndi Julayi. Juzi ikhale m'manja, osati m'chikwama cha pansi pa basi. Mukapitirira Iringa pali phiri la Kitonga, msewu wokhotakhota wotsika m'mbali mwa phompho, pamene mathiraki amakwawa ndipo ina ikafera pamenepo mzere umatha maola. Amene amachita chizungulire amwe mankhwala asanafike apa. Kunsi kwake kuli chigwa cha Ruaha chodzaza ndi milambe, kotentha, juzi ija muivula. Kenako msewu umalowa m'nkhalango ya Mikumi makilomita pafupifupi 50, ndipo muli pa mpando wanu mutha kuona njovu, mbidzi, nyamalikiti, njati ndi anyani osalipira kalikonse. Musaponye chakudya kapena zinyalala pa windo m'menemo, ndi mlandu. Mukatero Morogoro, Chalinze, Kibaha, n'kulowa mu Dar.

Bambo_a_Tadala: Za chakudya m'njira: basi imaima pa malo odyera kamodzi kapena kawiri, mphindi 15 mpaka 20 zokha. Yambani ku chimbudzi, kenako mugule chonyamula mukadyere m'basi. Tchipisi cha mazira, chimene amati chipsi mayai, amakazinga inu mukuona, n'chotetezeka kuposa nyama imene yakhala pa mbale kuyambira m'mawa. Lowezani mtundu ndi nambala ya basi yanu chifukwa pamalopo pamaima mabasi ambiri ofanana. Madzi muzimwa pang'onopang'ono, a m'botolo lotseka. Tishu ndi ndalama zing'onozing'ono za ku chimbudzi zikhale m'thumba.

Chisale_BT: Pepani Bambo a Tadala, ndionjezere za chikwama. Cha malita 35 mpaka 40 chikukwana masabata awiri ndipo chimalowa pa shelefu ya m'basi kapena pamiyendo. Chikaposa apo chipita pansi, ndiye onetsetsani kuti achilemba nambala ya mpando wanu, ndipo muzisuzumira pa windo basi ikaima potsitsa anthu. Chivekeni thumba la saka kapena chikuto chake, pansipo pamakhala fumbi, mafuta, nthawi zina madzi a nsomba. M'minibasi zakwathu kondakitala amafuna kulipiritsa chikwama chachikulu ngati munthu, china chimene chikwama chaching'ono chimakupulumutsani.

Zoikamo: zovala zosinthira zitatu kapena zinayi zosachedwa kuuma, juzi imodzi, chitenje (ndi chofunda, ndi thawulo, ndi chotchingira dzuwa pa windo), patapata wosambira, loko yaing'ono, tochi, pawa banki, sopo wochapira. Mapulagi a magetsi ambiri ndi a mano atatu ngati akwathu, tchaja chanu chigwira. Mapu a Mbeya ndi Dar muwatsitsiretu pa foni muli pa WiFi.

Mayi_Nyirenda: Pa zaumoyo, Karonga, Kyela ndi Dar konse kuli malungo. Posankha chipinda onani neti ngati ilibe mabowo, ndipo mafuta othamangitsa udzudzu munyamule. Tengani Panado, mapaketi angapo a Thanzi ORS ndi mankhwala anu a masiku onse okwanira ulendo wonse, ali m'mapaketi ake. Mukamva kutentha thupi kayezetseni tsiku lomwelo.

Khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever imafunika makamaka kwa ochokera m'maiko amene muli matendawa. Malawi sali m'gulu limenelo, koma Kenya ndi Uganda ali momwemo. Ndiye ngati muli ndi maganizo opitirira ku Mombasa kudzera ku Tanga kapena ku Nairobi kudzera ku Arusha n'kubwereranso, bayitsani musananyamuke. Khadiyo imayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira mu 2016 katemera mmodzi amawerengedwa wa moyo wonse. Ngakhale musakupita ku Kenya, kukhala nayo kumachepetsa mikangano pa boda.

Nambewe_25: Nanga sitima ija ya TAZARA? Ena akuti ndi yabwino kuposa basi.

aGondwe_Kaporo: Ndi yabwinodi kwa amene sali pa changu. Njanjiyo ndi ya makilomita 1,860 kuchoka ku Dar kukafika ku Kapiri Mposhi ku Zambia, inamangidwa ndi thandizo la China m'zaka za m'ma 1970, ndipo imadutsa pa Mbeya. Muli mabedi, mumagona mutatambasula miyendo. Vuto lake siiyenda tsiku lililonse ndipo imachedwa, nthawi zina maola ambiri, makamaka yochokera ku Zambia imene imafika pa Mbeya itachedwa kale. Ngati mukuifuna, ikwereni pobwerera, poyambira pake ku Dar, ndipo bedi musungitsiretu masiku angapo. Pali inanso yamagetsi, ya SGR, imene inayamba mu 2024 pakati pa Dar, Morogoro ndi Dodoma. Mutha kutsika basi pa Morogoro, kugona, m'mawa n'kulowa mu Dar pa sitimayo. Mwapewa kufika usiku komanso mzere wa magalimoto wa pa Chalinze ndi Kibaha.

Malume_a_Chibavi: Mfundo ya Morogoro ndaikonda, chifukwa basi ya m'mawa imalowa mu Dar usiku ndithu. Ngati mwapitirira nayo, dziwani kuti mabasi a m'madera saimanso pa Ubungo ngati kale. Kuyambira mu 2021 amathera pa Magufuli Bus Terminal ku Mbezi, kutali ndi pakati pa mzinda. Masana mutha kukwera mabasi a mwendokasi, othamanga a mumzinda okhala ndi njira yawoyawo, mpaka ku Gerezani pafupi ndi msika wa Kariakoo kapena ku Kivukoni, koma amadzaza kwambiri ndipo chikwama muzichibereka kutsogolo. Usiku itanani galimoto pa Bolt, pulogalamu ya pa foni yoitanira takisi, muone nambala yake ngati ikufanana ndi ya pa foni. Musalole wina kukunyamulirani chikwama kuti akuperekezeni ku takisi ya mnzake, ndipo musakwere galimoto imene muli kale anthu ena osawadziwa. Malo ogona a usiku woyamba musungitsiretu, muwauze kuti mufika mochedwa.

Bambo_a_Tadala: Mukafuna kuwolokera ku Zanzibar, boti zothamanga zimatenga pafupifupi maola awiri kuchoka pa doko la pakati pa mzinda. Tikiti gulani m'ofesi ya kampani mkati, panjapo pali oitanira ambiri, ndipo pasipoti itengeni chifukwa amaiona pofika. Kuyambira mu Okutobala 2024 alendo akunja amafunikanso kugula inshuwalansi ya boma la Zanzibar, ndiye iikeni mu bajeti.

Nambewe_25: Mwandithandiza kwabasi. Funso lomaliza, pobwerera ndikagulako nsalu ndi nsapato pang'ono ku Kariakoo, pa Songwe zikandivuta?

Mayi_Nyirenda: Sizivuta mukachita mwadongosolo. Pogula pemphani risiti ndipo muzisunge. Pa Songwe mukadinditsa pasipoti pitani nokha kwa a MRA mukaonetse zimene mwagula. Iwo amasiyanitsa katundu wogwiritsa ntchito mwini ndi wa malonda, ndipo zinthu zambiri zofanana, monga nsapato mapeyala khumi a mtundu umodzi, amaziona ngati za geni n'kulipiritsa msonkho. Mukalipira tengani risiti ya boma, chifukwa m'marodibuloko a kutsogolo akhoza kuifunanso. Musavomere kunyamulira munthu wina katundu kapena kaphukusi powoloka, ngakhale akhale mayi wachikulire wooneka wachifundo, chimene chili m'katimo chidzakhala mlandu wanu. Mashilingi otsala muwathere ku Kyela kapena muwasinthe pa boda pomwepo, ndipo sungani makwacha okwanira Sienta ya ku Karonga ndi basi ya ku Mzuzu kuyambira tsiku lonyamuka, kuti pobwera musadzakakamizike kusintha pa mtengo uliwonse umene angakuuzeni. Wotchi mubwezenso m'mbuyo ola limodzi.